Mafunso ndi mayankho: buku la tekitivi likasanduka filimu

Tsamba lino likuyankha mafunso amene anthu okonda nkhani za ofufuza milandu amafunsa kawirikawiri, makamaka za Hercule Poirot wa Agatha Christie ndi Sherlock Holmes wa Arthur Conan Doyle. Wakutsina khutu ndi mnansi: m'munsimu ndaulula mathero a mabuku atatu, The Murder of Roger Ackroyd, Murder on the Orient Express ndi And Then There Were None. Ngati simunawawerenge kapena kuwaonera, musadzandiimbe mlandu.

N'chifukwa chiyani opanga mafilimu sakhuta nawo mabuku akalewa?

Choyamba ndi dzina. Munthu amene sanagwirepo buku la Conan Doyle amamudziwabe Holmes, choncho filimu imayamba msika uli kale m'manja. Mu 2012 a Guinness World Records anawerengera kuti Holmes anali ataonekera pa kanema maulendo 254, kuposa munthu wina aliyense wa m'mabuku.

Chachiwiri ndi ndalama. Nkhani zambiri za Christie zimachitikira malo amodzi, m'nyumba ya kumudzi ya munthu wolemera, m'sitima, pa chilumba, ndipo anthu ake amakhala 10 kapena 12. Woganiziridwa aliyense amakhala ndi nthawi yake yochepa yoti aonetse luso pamene akufunsidwa mafunso, ndiye akatswiri a zisudzo otchuka savuta kuwakopa. Filimu ya Murder on the Orient Express ya 1974, yomwe anatsogolera Sidney Lumet, inasonkhanitsa Albert Finney, Lauren Bacall, Sean Connery, John Gielgud, Vanessa Redgrave, Anthony Perkins ndi Ingrid Bergman m'bogi imodzi. Bergman anapata mphoto ya Oscar makamaka chifukwa cha gawo la mphindi pafupifupi 5 limene anajambulidwa kamera osaimitsa. Kenneth Branagh atabwereza nkhani yomweyi mu 2017, filimuyo inapeza ndalama zokwana pafupifupi madola 350 miliyoni. Wamalonda sasiya munda wobereka chotero.

Nanga chovuta n'chiyani, poti nkhani inalembedwa kale?

Buku la tekitivi ndi chilape. Wolemba akuti "Chilape!", wowerenga akuti "Nachize!", ndipo pangano lake n'lakuti zonse zofunika kuti mupeze yankho zaikidwa pamaso panu, kungoti zaikidwa mochenjera. Chida chimene wolemba amabisira ndi mawu. Mawu amatchula chimodzi n'kusiya china, wowerenga osazindikira kuti pasiyidwa kanthu.

Kamera ilibe mwayi umenewo. Wolemba akhoza kunena kuti "woperekera zakudya anathira vinyo n'kutuluka", inu n'kupitirira osaganizako, monga mmene alendo a patebulopo sanamuyang'anire kumaso. Christie ankadalira kwambiri zimenezi: m'mabuku ake angapo wakupha amadzisandutsa wantchito, kapena amavala zovala za munthu wina, podziwa kuti anthu olemera sayang'ana nkhope ya wowatumikira. Koma pa kanema woperekera zakudyayo ali ndi msinkhu, ali ndi mphuno, ali ndi kayendedwe. Mukamujambula bwinobwino, woonera azindikira kuti ndi bambo uja tamuona atavala suti posachedwapa. Mukangojambula manja ake okha, woonera adziwanso kuti pali chimene mukubisa.

Vuto lomwelo lili pa umboni. M'buku, kanthu kofunika kamabisika pakati pa zinthu zina zambiri zotchulidwa m'ndime imodzi: wotchi, kapu, makalata, mpando wosunthidwa pang'ono kuchoka kukhoma. Pa filimu, kamera ikaima pa mpandowo kwa masekondi atatu ndiye kuti yauloza ndi chala. Ikangodutsa osaima, woonera adandaula kumapeto kuti sanapatsidwe mpata. Luso lonse lagona pakati pamenepo: chinthucho chioneke, koma maso a woonera akhale atakopeka ndi china, mwina mkangano umene ukuchitika mbali ina ya chipinda.

Palinso vuto limene buku silikhala nalo n'komwe, la nkhope zodziwika. Mukaona katswiri wotchuka atapatsidwa gawo la mlembi wofatsa amene sakuyankhula zambiri, mumadziwiratu kuti sanamulipire ndalama zonsezo kuti azingonyamula mafaelo. Lumet anathana nazo mwa kudzaza sitima yonse ndi anthu otchuka okhaokha, ndipo pa nkhani imeneyi zinagwirizana ndi yankho lake.

Amati The Murder of Roger Ackroyd singajambulike. N'zoona?

Inajambulidwa, koma chimene chinalipatsa bukulo mbiri sichinafike pa kanema. Bukuli linatuluka mu 1926, ndipo wofotokoza nkhani ndi Dr James Sheppard, dokotala wa m'mudzimo amene amayenda ndi Poirot ngati womuthandiza. Wakupha ndi iye yemweyo. Chodabwitsa n'chakuti m'buku lonse sanamiza wowerenga, amangodumpha. Akufotokoza kuti kalata inabwera kwa Ackroyd nthawi ili 8:40 usiku, ndipo kuti iye anatuluka m'chipindamo 8:50, ataima pakhomo n'kuyang'ana m'mbuyo ngati pali chimene wasiya osachita. Mphindi 10 zimenezo ndi mmene munafera munthu, koma wowerenga amadutsapo ngati pamsewu wa tala.

Tsono mujambula bwanji mphindi 10 zimene kulibe? Mukadula chithunzi, woonera aona kudulako. A ITV, kanema wa ku Britain amene ankajambula nkhani za Poirot, atafika pa bukuli mu 2000, anakonza zoti Poirot aziwerenga m'kabuku kamene wakuphayo analemba, osatchula mwini wake, ndipo kumapeto anawonjezera zothamangitsana ndi kuwomberana m'fakitale. Si filimu yoipa kwa amene sanawerenge bukulo. Koma wowerenga amamva kuperekedwa ndi munthu amene wakhala akumukhulupirira masamba onse, pamene woonera amangouzidwa dzina la wakupha. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kodi kamera imaloledwa kunama?

Apa anthu amatsutsana. Mu 1950 Alfred Hitchcock anayamba filimu ya Stage Fright ndi munthu akufotokoza zimene zinachitika, kamera n'kumazionetsa, kenaka kumapeto zinadziwika kuti zonsezo linali bodza. Anthu ambiri anakwiya, ndipo mwini wake pambuyo pake anavomereza kuti analakwitsa. Chifukwa chake n'chakuti timalola munthu wa m'nkhani kunama ndi pakamwa, koma chimene taona ndi maso athu timachitenga ngati umboni.

Opanga mafilimu anapeza njira zozembera. Mu Death on the Nile ya 1978, Poirot wa Peter Ustinov amauza woganiziridwa aliyense mmene akanaphera mayi wolemera amene waphedwa m'sitima ya pa mtsinje wa Nile, ndipo kamera imaonetsa munthuyo akulowa m'chipinda ndi mfuti. Palibe wanamizidwa, chifukwa tikudziwa kuti ndi zongoyerekeza za Poirot. Njira imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Five Little Pigs ya 2003. Mlandu wake ndi wakale, wa zaka zoposa 10 zapitazo, ndipo mboni zisanu zikufotokoza tsiku limodzi lomwelo. Zakalezo anazijambula ndi kamera ya m'manja yogwedera, kuwala kwake kwachikasu ngati kwa dzuwa la madzulo, ndipo nthawi zambiri mumaona zimene mboniyo inaona, kuchokera pamene inaima. Mawu amene wina anawamva ali panja pa windo amamveka ndi tanthauzo lina mukadziwa zimene zinali m'katimo. Palibe chithunzi chabodza, koma mboni iliyonse inagwira kachidutswa kake.

Bwanji amachotsa anthu ena a m'buku, pena n'kuwonjezera amene mulibe?

Ndi masamu chabe. Tsamba limodzi la zolemba za filimu limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Buku la masamba 250 liyenera kulowa m'mphindi 100, ndiye anthu awiri amaphatikizidwa kukhala mmodzi ndipo timilandu tating'ono ta m'mbali timatayidwa. Mu Death on the Nile ya 1978 anachotsa nkhani ya wakuba mikanda amene akuyenda ndi mayi ake komanso ya chigawenga cha ndale chobisala m'sitimamo. Mu Murder on the Orient Express ya 2017, msilikali Arbuthnot ndi dokotala wopima mtembo anasanduka munthu mmodzi.

Choopsa n'chakuti nkhani ya tekitivi ili ngati denga la udzu: mukasolola phaso limodzi molakwika, kudontha kumakaonekera kwina. Munthu amene mwamuchotsa mwina ndi amene anaona nthawi pa wotchi. Pali nkhani yodziwika ya The Big Sleep ya 1946, yochokera m'buku la Raymond Chandler. Howard Hawks ndi anzake anasokonezeka kuti anapha dalaivala wa banja la Sternwood ndani, ndipo atatumiza uthenga kwa Chandler, iye anayankha kuti nayenso sakudziwa. Filimuyo inayenda bwinobe chifukwa anthu ankapita kukaona Humphrey Bogart ndi Lauren Bacall. Kwa Christie zimenezo sizingatheke, poti iye chuma chake chonse ndi yankho.

Nkhani zifupizifupi zili ndi vuto lotembenuza. Ya masamba 15 siingadzaze mphindi 50. N'chifukwa chake m'zaka zoyambirira za Poirot wa ITV, Captain Hastings, Inspector Japp ndi Miss Lemon amapezeka pafupifupi paliponse, ngakhale m'nkhani zimene Christie sanawaikemo, wina akulimbana ndi galimoto lake, wina ndi makabati a mafaelo. Ine sindidandaula nazo. Hugh Fraser, Philip Jackson ndi Pauline Moran anapangitsa kuti ofesi ya Poirot ikhale ngati pakhomo pamene munthu umafuna kubwererapo.

N'chifukwa chiyani tekitivi amasonkhanitsa anthu onse kumapeto n'kuyankhula nthawi yaitali chonchija?

Wophunzira aliyense wa zojambula mafilimu amauzidwa kuti aonetse, asafotokoze. Kenaka pamabwera nkhani imene pachimake pake ndi bambo mmodzi ataimirira m'chipinda, akuyankhula yekha kwa mphindi zoposa 20, monga anachitira Poirot wa Finney mu 1974. Otsogolera mafilimu ena amaopa gawo limeneli, ndiye amalifupikitsa n'kuikapo mfuti ndi kuthamanga. Ndikuganiza kuti amalakwitsa, ndipo ndinazionera kunyumba.

Tsiku lina tinkaonera gawo lina la Poirot pabalaza, ine, malume anga ndi mwana wawo wamkazi amene panthawiyo anali Fomu 3. Poirot atangoti onse akhale pansi, magetsi anathima. Tinakhala mu mdima, kandulo ikusakidwa kukhitchini, ndipo palibe amene anaganiza zokagona.

"Ndi dokotala uja," anatero malume. "Amene amadziwa za poizoni ndani?"

"Ayi ababa, dokotala anabwera mochedwa. Inu simunaone kuti mayi aja ananena za maluwa a m'chipinda chimene akuti sanalowemo?"

"Iwe, maluwa angaphe munthu?"

"Sindikunena kuti anapha ndi maluwa. Ndikuti anawaona liti?"

Malume anakhala chete, kenaka anayamba kuwerengera pa zala amene anatuluka patebulo ndi nthawi yake. Magetsi anabwera patatha ola, ndipo mwana uja ndi amene analondola. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti kuyankhula kwa Poirot kumakoma chifukwa woonera amakhala ali kale ndi mlandu wake m'mutu, akudikira chigamulo ngati anthu a pabwalo la mfumu. Ngati filimu sinamupatse zomangira mlanduwo, gawo lomalizalo limasanduka ulaliki, ndipo m'pamene wotsogolera amayamba kufuna mfuti.

Poirot weniweni ndi uti?

Woyamba pa filimu anali Austin Trevor mu 1931, ndipo analibe masharubu, chomwe kwa Poirot chili ngati tambala wopanda lipombo. Finney anali waukali ndi wofuula. Ustinov anali wamkulu thupi ndi wanthabwala, wosafanana n'komwe ndi kamunthu kakafupi ka mutu wonga dzira ka m'mabuku, komabe wosangalatsa. Branagh anabwera ndi masharubu aakulu zedi ndi Poirot wothamanga, wolimbana ndi anthu, wokhala ndi chibwenzi chakale chomulira mumtima.

Ambiri, ndi ine ndemwe, timaloza David Suchet. Anayamba pa 8 Januwale 1989 n'kumaliza pa 13 Novembala 2013, magawo 70, ndipo anajambula mabuku onse 33 a Poirot pamodzi ndi nkhani zifupizifupi pafupifupi zonse. Asanayambe anawerenga mabukuwo n'kulemba mndandanda wa zinthu 93 zokhudza munthuyu: shuga angati mu tiyi, mmene amayalira kampango asanakhale pa benchi kapena kugwada, mmene amawongolera chinthu chimene chapendekeka pa shelefu. Ankavala zomukulitsa mimba, anakweza mawu ake amene mwachibadwa ndi a besi, ndipo anaphunzira kuyenda timasitepe tifupitifupi tachangu. Chachikulu n'chakuti anakana kumusandutsa chidole choseketsa. Poirot wake amaseketsa, koma iye mwini sadziwa kuti akuseketsa, ndipo akatembenukira kwa wakupha, kuseka kumatha. Chodabwitsa china: mu 1985 Suchet anasewerapo ngati Japp mu Thirteen at Dinner, Poirot ali Ustinov.

Gawo lomaliza kuonetsedwa linali Curtain, mmene Poirot amafera. Christie analilemba bukuli m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kulitsekera kubanki mpaka 1975, ndipo chaka chomwecho nyuzipepala ya New York Times inalemba za imfa ya Poirot patsamba loyamba. A ITV anajambula Curtain poyamba, n'kutsiriza ntchito yonse ndi Dead Man's Folly ku Greenway, nyumba ya Christie ku Devon, kuti tsiku lomaliza Suchet atsanzikane ndi Poirot wamoyo.

Kusankha wosewera kuli ndi msampha winanso. Rowan Atkinson anasewera Maigret, tekitivi wa ku Paris wa m'mabuku a Georges Simenon, m'mafilimu anayi mu 2016 ndi 2017, ojambulidwa ku Budapest m'malo mwa Paris, ndipo anachita mofatsa ndi mwaulemu. Koma ife amene tinakula tikuseka Mr Bean timatha theka la ola tikudikira kuti agwetse kaliwo m'kapu ya khofi.

Kodi nkhani zonse za Poirot zinachitika m'zaka za m'ma 1930?

Ayi. Buku loyamba linatuluka mu 1920 ndipo Christie anapitiriza kulemba za Poirot mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mmene muli kale achinyamata a tsitsi lalitali ndi mankhwala ozunguza bongo. A ITV ndi amene anasankha kuika pafupifupi zonse cha m'ma 1936, kuti zovala, magalimoto ndi nyumba zikhale za maonekedwe amodzi. Nyumba imene Poirot amakhala pa kanema ndi Florin Court, ku Charterhouse Square mu London, ndipo ilipo mpaka lero.

Amaloledwa kusintha mathero?

Woyamba kusintha anali Christie mwini. Mu And Then There Were None ya 1939, anthu 10 aitanidwa pa chilumba ndipo onse amafa, yankho n'kupezeka m'kalata yotsekeredwa m'botolo imene yatoledwa panyanja. Polemba sewero la pasiteji la 1943, nkhondo ili m'kati, iye anapulumutsa awiri, Vera ndi Lombard, n'kuwasandutsa osalakwa okondana. Filimu ya René Clair ya 1945 inatsata njira yomweyo, ndipo enanso ambiri anatero. Amene analimba mtima kubwerera ku mathero a m'buku anali a ku Soviet Union mu 1987, motsogozedwa ndi Stanislav Govorukhin, kenaka a BBC mu 2015.

Kusintha kumene kumandichititsa chidwi n'kwa Murder on the Orient Express, chifukwa yankho silisintha koma kulemera kwake. Munthu wabayidwa ka 12 m'sitima imene yatitimira m'chipale chofewa ku Yugoslavia. Iye anaba ndi kupha kamwana ku America n'kuzemba chilango, nkhani imene Christie anaitengera ku kubedwa kwa mwana wa Charles Lindbergh mu 1932. Omubaya ndi anthu 12 okhudzidwa ndi banja la mwanayo. M'buku la 1934 Poirot amapereka mayankho awiri, labodza lonena za mlendo amene anathawa, ndi loona, ndipo amalola kuti apolisi auzidwe labodzalo popanda kuvutika mumtima kwenikweni. Filimu ya 1974 imathera pa kuwombanitsa matambula a vinyo. Koma ya Suchet ya 2010 ndi yamdima: Poirot akukalipa kuti lamulo si la munthu aliyense kulitenga m'manja, akulimbana ndi chikhulupiriro chake cha Chikatolika, ndipo pomaliza akuchoka pa chipale chofewa atagwira korona, misozi ili m'maso. Ena amati Christie sanalembe zimenezo, ndipo akunena zoona. Koma kwa ife amene tikudziwa zimene zimachitika gulu la anthu likagwira wakuba pamsika, Poirot wovutika mumtimayo ndi amene amamveka.

Muyeso wanga ndi uwu: sinthani malo, chaka, ngakhale mtima wa nkhani, koma mukasintha wakupha muyenera kumanganso umboni wonse kuyambira pachiyambi. Ambiri amene amasintha wakupha sachita ntchito imeneyo.

Chipewa ndi kaliwo wa Holmes zinachokera m'mabuku?

Chipewa cha alenje chija chinatchuka ndi zojambula za Sidney Paget m'magazini ya Strand kuyambira 1891, ndipo iye ankamuveka Holmes akakhala pa ulendo wa kumudzi. Koma mafilimu ambiri amamuyendetsa nacho pakati pa London. Kaliwo wokhota anabwera ndi William Gillette, amene anayamba kusewera Holmes pasiteji mu 1899. Mawu otchuka akuti "Elementary, my dear Watson", ouza mnzake Watson kuti nkhaniyo ndi yosavuta, m'kalembedwe kamene anthu amawatchulira, mulibe m'nkhani zonse 60 za Conan Doyle.

Chimene mafilimu anawononga kwambiri ndi Watson. M'mabuku ndi dokotala wa asilikali amene anavulala ku Afghanistan, munthu wanzeru zake ndi wolimba mtima. M'mafilimu 14 a 1939 mpaka 1946, mmene Holmes anali Basil Rathbone, Nigel Bruce anamusandutsa nkhalamba yosokonezeka. Chifukwa chake chikumveka: m'buku Watson ndiye wofotokoza nkhani, koma pa filimu ntchito imeneyo yatengedwa ndi kamera, ndiye amatsala wopanda chochita kupatula kudabwa. Anamubwezera ulemu ndi a Granada, kampani ya kanema ya ku Britain, m'magawo 41 a Holmes wa Jeremy Brett a 1984 mpaka 1994, mmene David Burke kenaka Edward Hardwicke anasewera Watson amene mungamukhulupirire kuti akupimeni. A ku Soviet Union nawonso anachita bwino kuyambira 1979, msewu wa ku Riga ukuimira Baker Street, moti Vasily Livanov, Holmes wawo, anapatsidwa ulemu wa MBE ndi dziko la Britain mu 2006.

Nanga kusamutsira nkhani m'nthawi yathu ino?

Si zachilendo. Rathbone anamenyana ndi akazitape a Nazi m'mafilimu a m'ma 1940. Sherlock ya BBC ya 2010, ya Benedict Cumberbatch ndi Martin Freeman, inapeza mwayi wowawa: patatha zaka zoposa 120, Watson akanathabe kubwera kuchokera kunkhondo ku Afghanistan. Holmes amasamuka mosavuta chifukwa ngakhale m'mabuku ndi munthu wa sayansi ndi matelegalamu. Christie amavutirapo. Nkhani zake zimafuna nyumba yodzaza antchito, chilumba chopanda foni, ndi apolisi amene sangapime DNA. Mupatseni aliyense foni ya m'manja, theka la milanduyo latha lisanafike dzuwa pamutu.

Christie mwini ankawakonda mafilimuwa?

Ambiri ayi. Mafilimu anayi a Margaret Rutherford a 1961 mpaka 1964 anamusandutsa Miss Marple, tekitivi wina wa Christie, kukhala gogo wamphamvu woseketsa, ndipo awiri mwa iwo anatengedwa m'mabuku a Poirot, n'kumuchotsamo Poirotyo. Christie sanakondwe nazo, ngakhale Rutherford yekha ankamulemekeza mpaka kumulembera buku lina m'dzina lake. Murder on the Orient Express ya 1974 anaiyamikira, ndipo anapita kukaionera pa tsiku loitsegulira ali ndi zaka 84, koma akuti anadandaula ndi masharubu a Finney kuti sanafikepo. Anamwalira mu Januwale 1976, asanaone Miss Marple wa Joan Hickson, amene anajambula mabuku onse 12 a Miss Marple ku BBC kuyambira 1984 mpaka 1992.

Ndani amapereka chilolezo chojambula?

Ku Britain umwini wa buku umatha pakadutsa zaka 70 wolemba atamwalira. Conan Doyle anamwalira mu 1930, choncho Holmes ndi wa aliyense, ndipo ku America nkhani zake zomaliza zinamasuka pa 1 Januwale 2023. Zisanamasuke, oyang'anira chuma cha Conan Doyle anasumira opanga Enola Holmes mu 2020, ponena kuti Holmes wachifundo ndi wolemekeza akazi amapezeka m'nkhani zomalizazo zokha. Mlanduwo unathetsedwa chaka chomwecho. Mabuku a Christie ku Britain ndi otetezedwa mpaka kumapeto kwa 2046, ndipo chilolezo chimachokera ku kampani ya Agatha Christie Limited. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene ma Holmes achulukira chonchi, ena anzeru ena openga, pamene Poirot amatuluka mwa apo ndi apo.

Mabukuwa analembedwa m'nthawi ya atsamunda. Opanga mafilimu amatani ndi tsankho lake?

Lilipo, ndipo silibisika. And Then There Were None inatuluka ku Britain ndi mutu wokhala ndi mawu otukwana anthu akuda, umene ku America anaukana kuyambira pachiyambi. Mu Death on the Nile, Aiguputo ali ngati mbali ya malo okongola, ogulitsa mikanda ndi onyamula katundu, osati anthu okhala ndi nkhani zawo. Christie anafika kuno kum'mwera kwa Africa mu 1922, ndipo The Man in the Brown Suit ya 1924 imadutsa ku Cape Town mpaka ku mathithi a Victoria, koma eni dziko mulibe mawu awo.

Mafilimu atsopano amayesa kukonza posankha osewera. Branagh anapatsa Leslie Odom Jr. gawo la Arbuthnot mu 2017, ndipo mu Death on the Nile ya 2022 Sophie Okonedo anasewera Salome Otterbourne, amene anamusintha kuchoka pa wolemba mabuku kukhala woimba. Zimathandiza pamene filimuyo ikuvomereza kuti munthu wakuda wa mu 1937 akanalandiridwa bwanji m'sitima ya azungu olemera. Ikangomuika pamenepo ngati palibe vuto, ndiye kupaka laimu khoma long'aluka. Amene akufuna tekitivi wa kuno kwathu pa kanema angayese The No. 1 Ladies' Detective Agency ya 2008 ndi 2009, yojambulidwa ku Botswana, ngakhale wolemba mabuku ake, Alexander McCall Smith, ndi mzungu wobadwira ku Bulawayo ndipo wosewera wamkulu, Jill Scott, ndi wa ku America.

Ndiyambe ndi buku kapena filimu?

Kwa Roger Ackroyd buku, ngakhale ndakuwonongerani kale; muliwerenge kuti muone mmene dokotala uja akudumphira. Kwa zina zonse zilibe kanthu, malinga musaonere mukuchita zina. Mafilimuwa si oonera mukusenda mbatata kapena mukuyankha mauthenga pa WhatsApp, chifukwa umboni umadutsa kamodzi. Ndipo ngati mwapeza yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a mavidiyo aja, samalani: womasulira amene waionera kale mpaka kumapeto sachedwa kunena kuti "muwaone bwino amayi awa" filimu isanafike n'pakati pomwe.

Yambani ndi Five Little Pigs ya 2003, kenaka Murder on the Orient Express ya 1974 ndi ya 2010 motsatizana, kuti muone nkhani imodzi ikusekedwa ndi kuliridwa. Kwa Holmes, tengani magawo oyambirira a Jeremy Brett a 1984 ndi 1985, thanzi lake lisanayambe kuvuta. Tekitivi akangoti onse asonkhane pabalaza, imitsani filimuyo, aliyense atchule dzina la amene akumuganizira kuti ndi wakupha ndi chifukwa chake, kenaka mupitirize.